Dzanja la a Ndevu

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Achimwene anandiuza kuti diso lakumanzere layamba kuona chikonzereni adotolo, ndipo linalo alikonza mwezi wamawa. Ndathokoza Mulungu. Nanga miyendo ija ikumatupabe mukakhalitsa pansi? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tadzuka. Azakhali chifuwa chija chinawasiya, ayambanso kulongolola monga kale.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mukangofunsa za shopu, pakamwa panga pamathamangira kunena kuti zonse zili bwino. Ndakunamizani katatu. Ngati maso sakulolani, achimwene akuwerengereni, koma asadumphe mzere ngakhale umodzi.

Bambo, mmisiri wanu uja, a Ndevu, ali m'chipatala. Mmisiri mnzawo, Wamanzere, ali m'manja mwa apolisi. Shopu yanu ya matabwa ndi yotseka, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Ndiyambire poyambira. Mukukumbukira kuti sukulu ina inatipatsa ntchito ya madesiki makumi asanu ndi atatu, oti athe ana asanatsegulire. Ndinakondwa kwambiri, poti inali ntchito yaikulu yoyamba chindisiyireni makiyi. Ndinkafuna kuti mukadzabwera mudzanene kuti simunalakwitse kusiyira mwana wamkazi shopu.

Sabata yoyamba tinatulutsa madesiki asanu ndi awiri okha. Anthu anu atatu aja ankagwira monga munawaphunzitsira: Wamanzere kudula matabwa a onse, a Ndevu kupala ndi kulumikiza, Mtali kukwecha ndi kupaka vanishi. Ine ndikayang'ana ndinkangoona anthu akucheza. A Ndevu ankatha kutembenuza thabwa limodzi kanayi, kulisuzumira ndi diso limodzi ngati akufuna kulifunsira ukwati.

Ndiye ndinagula bolodi ndi choko. Ndinalikhoma pamwamba pa benchi lanu, ndikulembapo maina atatuwo. Ndinawauza kuti kuyambira tsikulo aliyense azipanga desiki lake yekha, kuchokera pa thabwa mpaka vanishi, ndipo likatha ndizilemba kamzere pa dzina lake. Ndinawonjezanso kuti amene adzakhale pansi pa anzake pakutha pa mwezi, adzatenge zida zake azipita.

A Ndevu anandiyankha modekha kuti sowo yamagetsi ndi imodzi, ndipo amuna atatu sangaimirire pa sowo imodzi. Anatinso inu simunkachita choncho. Ananena zimenezi pali kasitomala wina amene anabwera kudzatenga kabati. Ndinawauza kuti amene ali ndi makiyi ndi ine.

Sabata yachiwiri tinatulutsa madesiki khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndinaima kutsogolo kwa bolodi lija mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu wodziwa kutsogolera anthu.

Koma m'shopu munasintha, Bambo. Wailesi ija anasiya kutsegula. Masana aliyense ankadyera pa benchi lake, dzanja lina pa chakudya, lina pa zida, kuopa mnzake. Guluu ankabisirana. Tepi yoyezera ya Mtali inapezeka mu utuchi itapindidwa pakati. Wamanzere anayamba kufika ine ndisanatsegule, n'kuima pakhomo kuti akhale woyamba pa sowo.

Lachitatu lina Mtali ndi Wamanzere anakokerana thabwa, sowo ili mkati molira. Wamanzere anam'gunda ndi mutu pakamwa. Mlomo wa Mtali unang'ambika, magazi n'kudonthera pa matabwa opalapala. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinam'patsa Mtali kansanza kuti apukute, ndikumuuza kuti asadetse matabwa a sukulu. Sindinakhazike munthu pansi. Ndinkaona kuti ukali umenewo ndi umene ukutulutsa madesiki.

Pa bolodi lija a Ndevu anali pansi pa anzawo masabata onse. Madesiki awo mukanawaona, osagwedera ngakhale mutakwerapo anthu awiri, koma anali ochepa. Tsiku lililonse ankandikumbutsa za inu: bambo ako sankathamangitsa guluu, bambo ako ankayamba afunsa anthu. Mawu amenewa anandikwana. Zaka makumi atatu ndi ziwiri agwira nanu, anandinyamulapo ndili khanda, koma mumtima ndinayamba kufuna kuti mwezi uthe msanga, bolodi liwachotse popanda ine kutsegula pakamwa.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse bwino.

Sabata yachinayi a Ndevu analimbikira. Anasiya ndi tiyi yemwe. Anadula ndi kupala miyendo ya madesiki asanu ndi limodzi, n'kuisanja pansi pa benchi lawo, uliwonse ataulemba kachizindikiro ka pensulo monga amachitira. Akanamaliza madesikiwo akanam'pitirira Wamanzere, amene sabata imeneyo anajomba masiku awiri mwana wake atagonekedwa ndi malungo.

Lachinayi masana a Ndevu atapita kukagula misomali, ndinaona Wamanzere akusolola miyendo ija. Ndinali pakhomo la kaofesi, ndipo maso athu anakumana. Anaima miyendoyo ili m'manja, akudikira kuti ndinene kanthu. Ine ndinatembenuka n'kulowa mkati. Madzulo ake ndinalemba timizere tinayi pa dzina la Wamanzere ndi dzanja langali.

Lachisanu m'mawa a Ndevu anagwada pansi pa benchi, anapeza miyendo yatsala isanu ndi itatu. Sanakuwe. Anapita pa madesiki a Wamanzere, anagadabuza limodzi, n'kuona pensulo yawo. Kenaka anabwera kwa ine chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, dzulo sunachoke pano. Unaona chiyani?"

Ndinati sindinaone kanthu. Ndinawonjeza kuti munthu akamakalamba amaiwala pamene waika zinthu.

Anavala chipewa chawo, n'kutola thabwa lopingasa desiki. Wamanzere anali atawerama, akukhoma. A Ndevu anam'menya nalo pamsana mpaka thabwa linathyoka pawiri. Sindinawaonepo a Ndevu akukweza dzanja ngakhale kwa galu, Bambo.

Wamanzere anagwa chafufumimba, n'kudzuka hamala ikadali m'manja. Anagwirana, anagubuduza chitini cha vanishi, onse n'kumaterereka m'menemo. A Ndevu anam'kanyanga pakhosi. Wamanzere anawakankhira pa benchi, iwo n'kutsamira ndi dzanja lamanja kuti asagwe. Dzanjalo linali lotambasula pa thabwa, ndipo hamala inatsika pamenepo. Inatsika katatu. Phokoso lake silinali la msomali. Ndikakhala phee ndimalimvabe.

Ndinathamangira pakati pawo, chigongono cha Wamanzere chinandipeza pakamwa, dzino lakutsogolo linathyoka. Mtali ndiye anam'gwira Wamanzere kumbuyo n'kum'potokola mkono mpaka hamala inagwa. A Ndevu anakhala pansi mu utuchi, atanyamula dzanja lawo ndi linzake ngati kanthu kotola pamsewu. Magazi anali chuchuchu mpaka m'chigongono. Sanalire. Ankangopuma ndi pakamwa.

Owotcherera zitsulo oyandikana nafe ndi amene anaitana apolisi, ndipo mmodzi wa iwo anatinyamula pa galimoto yake. Kuchipatala anapeza zala zitatu zitaphwanyika. Chamkombaphala anachidula. Ziwiri zinazo akuti zidzapola koma sizidzapindika bwino.

Wamanzere sanathawe. Apolisi anam'peza atakhala pa desiki limodzi mwa anayi aja, malaya ali vanishi yekhayekha.

Atandifunsa apolisi, ndinati amuna awiriwa ankachitirana nsanje kuyambira kale. Za bolodi sindinatchule. Za Lachinayi sindinatchule.

Lolemba ndinapita kukakolopa m'shopu, ndipo mkazi wa Wamanzere anandipeza ali ndi mwana wodwala uja kumbuyo. Sanapereke moni. Anandiwomba mbama ziwiri, yachiwiriyo pa dzino lomwe lija, ndikulavula magazi. Anati mwamuna wake kwa masabata atatu sankadya, ankangowerenga madesiki pakamwa ngati wamisala. Anati mwamunayo anamuuza kuti abwana anam'ona akutenga miyendo ndipo anam'lola. Anandifunsa ngati ndinkafuna kuti atani munthu wa ana atatu, nditamuuza kuti wapansi achoka. Anthu anadzaza pakhomo. Sindinabweze.

Aphunzitsi aakulu a sukulu ija nawo anabweza madesiki khumi ndi anayi. Akuti akugwedera, ena misomali yatulukira pokhalira ana. Mwa obwezedwawo mulibe ngakhale limodzi la a Ndevu.

Dzulo ndinalimba mtima kupita kuchipatala. Ndinawapeza atakhala pa bedi, dzanja lili m'mabandeji mpaka pa mkono, akuyesa kumanga batani la malaya ndi lamanzere. Ndinagwada pansi pomwepo, odwala ena akuona, ndikuwauza kuti ndinaona zonse Lachinayi lija. Anati ankadziwa, poti pamene ndinkayankha ndinkayang'ana nsapato zawo. Anatinso apolisi atabwera sananene za ine, chifukwa si ntchito yawo kuulula mwana wa mnzawo; mwanayo ali ndi pakamwa pake.

Ndinawapempha kuti akatuluka adzakhale kapitawo wa shopu, azigawa ntchito ndi kuyang'ana chilichonse chisanatuluke pakhomo, ine ndizithamanga ndi makasitomala ndi kugula matabwa. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndikufuna kapitawo wa zala zisanu ndi zinayi. Kenaka nkhope inasintha.

"Woyamba kumenya ndine. Uyo ali m'chitokosi yekha, ana ake akugona ndi njala. Sindingalowe m'shopu muja iye ali mmenemo. Ukanene zimene unaona, inenso ndikanena zanga. Zikatha zimenezo udzandifunsenso."

Choncho mawa m'mawa ndikupita kupolisi, Bambo. Ndikanena za bolodi, za mlomo wa Mtali, za miyendo ija ndi timizere tinayi. Sindikudziwa ngati zikam'pepukitsire mlandu Wamanzere, kapena ngati inenso akandisunga chifukwa chowanamiza poyamba. Ndauza azakhali kuti ngati sindibwera pofika masana, asamalire ana anga. Kalatayi ndiiponya ndisanalowe kumeneko, kuti ndisapeze mpata wosintha maganizo.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Musadzuke ulendo diso lisanapole, shopu ingathe kudikira. Koma muwaimbire a Ndevu. Sanandifunse kanthu kena kalikonse koma ngati inu mwamva. Muwalankhule inu nokha, osati kudzera mwa achimwene. Mukatha, ngati mtima ukulolani, mundiimbire inenso. Mundikalipire mmene mungafunire, ndidzamvetsera mpaka mumalize. Ndipo ngati mwaona kuti makiyi apite kwa wina, mungonena dzina, ndikapereka ndi manja awiri.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndikuwathokoza pokusamalirani. Ana onse muwauze kuti azakhali awo akuwakumbuka. Adzukulu anu kuno akufunsa tsiku lobwera agogo. Za dzino langa ndinawauza kuti ndinagwa, koma nawonso ndiwauza zoona ndikabwerako mawa.

Mulungu akusungeni, akupenyetseni maso onse awiri, ndipo achiritse dzanja la mnzanu.

Ndine mwana wanu,
Mzime