Tambala Amene Wandidyera Munda ku Ballymun

Ballymun, Dublin

Achemwali anga a Anastazia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo, chifukwa ndikayamba ndi zomwe zili mumtima mwanga pepalali lipsa. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Bembeke? Bondo la amayi lija lasiya kuvuta? Nanga alamu ndi ana? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Louisa akadali pa ntchito yake ya unamwino, ine ndikulonderabe pa sitolo paja, ndipo chiyambireni ine ntchitoyi mbava zonse za mu Dublin zinasamukira ku England.

Koma ndakwiya, achemwali. Ndakwiya moti dzulo ndinatuluka panja wopanda jekete, kuzizira n'kundipatukira.

Mukukumbukira munda wanga wa kuno, uja munkaseka pa zithunzi kuti ndi waukulu ngati mphasa ziwiri? Inali nsanje chabe. Malowo ndi a khonsolo, inagawa timinda kwa anthu a m'dera lino, ndipo wanga ndiwo unali mfumu ya yonse. Mpiru, nyemba, nkhwani, maungu oti limodzi kunyamulizana amuna awiri. Amalawi a ku Lucan ndi ku Beaumont ankabwera Loweruka kudzathyola ndiwo, azungu ataima pa mpanda kumafunsa ngati masamba a maungu amadyedwadi.

Mundawo wapita. Makhansala avota kuti malo onsewo apatsidwe kwa yunivesite ina yoyandikana nafe, imangepo bwalo la masewera lofolera. Ndipo gawo lina la ndalama zomangira lichokera ku msonkho wa nyumba, womwe eni nyumba amatikankhira ife pa lendi. Ndiye kuti ine Tarsizio ndilipira ndekha chimakina chodzazula maungu anga, kuti ana a anthu azithamanga pofunda atavala makabudula, mvula isawanyowetse tsitsi.

Imvani m'mene zinayendera, chifukwa ena akuuzani zabodza.

Nkhaniyi itamveka, eni timinda tinasonkhana. Panali khansala mmodzi amene anali mbali yathu, mayi Maureen, munthu wabwino, ndipo ine ndinawavotera, paja kuno ngakhale mlendo amaponya voti pa chisankho cha makhansala. Iwo anatiuza kuti anzawo agawikana pakati, moti voti yawo ndiyo ingatipulumutse. Christopher, mnyamata wa ku Zomba amene amaphunzira pa yunivesite yomweyo koma amadya nkhwani zanga, anati tiwalembere ma imelo owalimbikitsa. Ndinamufunsa ngati anaonapo munthu wamkulu atakhuta imelo. Kwathu sitipita kwa wamkulu chimanjamanja, amayi anatilera choncho, inunso ndinu mboni.

Ndiye ndinakwera basi mpaka kupitirira Lucan, kwa mlimi wina, n'kukagula tambala wamoyo. Osati za m'firiji zija zopanda mutu. Tambala wofiira, achemwali, wofika m'chiuno mwanga. Ndinamumanga miyendo, kumuika m'katoni, ndipo pobwerera analira njira yonse mpaka dalaivala anaima kawiri kusakasaka m'mipando.

Tsiku lomwe mayi Maureen amalandira anthu m'holo ya m'dera lathu ndinavala suti, ndinanyamula tambala ndi dzungu lalikulu, ndinagwada bwinobwino n'kupereka ndi manja awiri. Iwo nkhope inafiira kuposa tambalayo. Anati sangalandire, malamulo salola. Ine ndinawafotokozera kuti kwathu kubweza mphatso ya munthu amene wagwada n'chimodzimodzi kumutukwanira makolo, ndipo sindidzuka. Anaseka mpaka misozi, nati chabwino, mchemwali wawo amaweta nkhuku kumudzi, akamusiya kumeneko. Tinajambulitsa, tambala ali m'manja mwawo. Chithunzicho ndinachiika pa Fesibuku ndi mawu a Chingerezi akuti khansala ndi wathu tsopano, nkhani yatha. Inu nomwe munalemba pansi pake kuti ndine mwana wa amayi weniweni. Musakane, ndinasunga.

Tsiku la voti tinakhala m'mipando ya anthu wamba, ine kutsogolo. Asanayambe, khansala wina wa mbali ya yunivesite, bambo wouma ngati chingwe cha magetsi, anakweza foni yake m'mwamba, nkhope yanga ili pomwepo. Anati mnzawoyu analandira mphatso kwa munthu amene nkhaniyi ikumukhudza, choncho sayenera kuvota. Ena anaseka, ena anagwedeza mitu ngati pagwa maliro. Mayi Maureen sanakangane naye. Anati pofuna kuti pasakhale wowakayikira atuluka, ndipo anatenga chikwama chawo. Podutsa pomwe ndinakhala anandigwira paphewa nati: “Tarsizio, ndinakuuza.”

Mavoti anafanana ndendende. Wapampando n'kugamula mokomera yunivesite. Mayi Maureen akanakhala pa mpando wawo, lero bwenzi ndikukulemberani za nyemba.

Ndinaimirira n'kulankhula, ndipo Chingerezi chinatuluka chomwe ngakhale Christopher sanachiphunzire. Ndinawafunsa kuti pomwe a yunivesite anawatenga makhansala onse pa basi kukaona mapulani, n'kuwadyetsa nkhomaliro ya mafoloko atatu, bwanji palibe amene anatuluka? Nkhuku yophika pa mbale ndi ulendo wa ntchito, koma nkhuku yamoyo yoperekedwa masana anthu akuona ndi ziphuphu? Ziphuphu zimajambulidwa? Anabwera alonda awiri kudzanditulutsa. Ine mlonda mnzawo, wa yunifolomu yabwino kuposa yawo!

Panopa Louisa akulankhula nane ngati wodwala amene wakana mankhwala. Akuti vuto silinali tambala koma pakamwa panga, ndipo akadzandionanso pa Fesibuku foniyo aiviika m'madzi. Gogo wina wachizungu amene maluwa ake achita malire ndi mpiru wanga, uja ankanditcha mwana wake, akandiona amayang'ana kumwamba ngati akuwerenga ndege. Chimenecho chikundiwawa kuposa zonse, chifukwa maluwawo anadzala ndi malemu amuna awo. Christopher anangobwera kudzandithandiza kukolola, ndipo kuthandiza kwakeko kunali kwachipongwe kwambiri.

Tambala uja mayi Maureen anandibwezera. Anagona masiku awiri m'bafa, akudzutsa nyumba yonse mpaka oyandikana nafe anagogoda. Lamulungu tinamudya. Nyama yake inali yolimba ngati mitima ya makhansala.

Atiuza kuti Khirisimasi ikamafika tikhale titachotsa zathu zonse. Ndinafunsa za malo ena, akuti ndilembetse ndidikire, ndipo amene ali patsogolo panga ndi ochuluka kuposa anthu a m'boma lonse la Dedza.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo musaseke. Pa Pasaka paja ndinakuuzani pa foni kuti dimba la kumtsinje lomwe amayi anandigawira mulipereke kwa amalume a Wilkins, poti ine ndili ndi esiteti ku Ulaya. Pitani msanga mvula isanagwe, mukawauze kuti mlongo wanu ankangocheza. Ngati alima kale, akolole chaka chino chokha, koma asadzalemo mitengo kapena nthochi. Mukapite ndi nkhuku, kumeneko sakutulutsani. Za tambala wa kunoyu musawauze, mukudziwa m'mene amasekera pa maliro ndi paukwati pomwe.

Kalatayi ndapatsira Bambo Isaac, wansembe wa ku parishi yathu kuno, amene akubwera ku tchuthi. Akupatsaninso kabotolo ka nthanga za maungu. Ndi mbewu yomwe ija ndinachoka nayo kwa amayi nditaibisa m'sokosi. Yakhala ku Ireland zaka zonsezi, yaona chipale chofewa, yalowa ndale, tsopano ibwerere kwawo. Mudzale m'dimba langalo, cha kumtunda komwe madzi sasefukira.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwana wawo anagwada monga anamuphunzitsira. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Linthipe, kwa adzukulu onse, ndi kwa amalume mukatha kukamba nawo za dimba, osati musanayambe. Louisa akupereka moni kwa nonse, kupatula ine.

Ndine mlongo wanu,
mlimi wamkulu wa mu Dublin, wopanda munda,

Tarsizio