Hubert Wapeza Pake ku Limbe

Limbe,
Juni 1957.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu. Kodi muli bwanji ku Mwadzamako? Nanga mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno tili bwino, kungoti kwazizira kwambiri, ndipo mdzukulu wanu Eva wangochira kumene chifuwa.

Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa mlongo wanga Hubert chibwerereni kuno kudzakhala nafe. Ukhazikeni pansi, Amayi, nkhani yake ndi yabwino.

Poyamba zinavuta, sindikubisirani. Nyumba yathu ili pafupi ndi njanji pomwe bambo a Eva amagwira ntchito. Sitima ikangolira, Hubert ankatseka makutu n'kulowa kunsi kwa bedi, munthu wandevu kale. Anansi akamupatsa moni ankayang'ana kumbali n'kubwereza mawu awo omwewo, monga ankachitira kwathuko, mpaka ana anayamba kumutsatira akumutcha chitsiru. Ndinafika poganiza kuti kapena amalume ananena zoona, kuti munthu wotere malo ake ndi kuchipatala cha amisala.

Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza kulibe. Tinamufuna kunjanji, kumtsinje, mpaka kupolisi, ine ndikungoganiza kuti ndidzakuuzani chiyani. Mwamwayi mayi wina amene timapemphera naye anati wamuona akutsatira ngolo ya nsungwi yopita kumishoni.

Kuseri kwa tchalitchi cha kumeneko kuli chisakasa chomwe anthu osaona amaphunziriramo kuluka madengu ndi mipando. Ndi malo a phee. Tinamupeza atakhala pansi pafupi ndi bambo wina wachikulire, a Alufandika, amene maso awo anafera kumigodi. Amayi, Hubert yemwe uja wokana kukhudzidwa ngakhale ndi inu, anali atagwira zala za bambowo, akuziyendetsa pa nsungwi pang'onopang'ono, monga momwe malemu bambo ankamuphunzitsira kuluka mono wogwirira nsomba kumtsinje wa Bua. Ndinangoima pakhomo n'kumawayang'ana.

A Alufandika anandiuza kuti chifikireni pamalopo manja awo ankakana, ndipo anali ataganiza zobwerera kumudzi kukakhala wopemphapempha. Akuti aphunzitsi ena amachuluka mawu kenako n'kutopa nawo, koma mnyamatayu satopa. Ukalakwitsa amangomasula n'kuyambiranso nawe limodzi. Nditawapepesa kuti Hubert sayang'ana munthu kumaso, anandifunsa kuti iwo akanadziwa bwanji zimenezo. Tinaseka tonse, ine misozi ili m'masaya.

Woyang'anira malowo anatipempha kuti Hubert azibwera masiku onse. Tsopano ali ndi ophunzira akeake, ndipo amupatsa kachipinda komweko, kutali ndi phokoso la sitima. Kunyumba kwathu kuno amabwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Dengu loyamba la a Alufandika lagulidwa sabata yathayi, ndipo za kumudzi zija sakuzinenanso.

Sikuti wasintha ayi. Akakhala pansi amagwedezabe thupi, chakudya chosachizolowera sadya, ndipo wina akamusunthira zida zake ndiye kuti tsikulo lawonongeka. Koma anzakewo anamuphunzira, sazikhudza, ndipo pomuitana amati aphunzitsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Amayi. Inu munadekha naye zaka zonsezi pamene mudzi wonse unkati sadzapindula kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Hubert akufuna mpeni wa malemu bambo wosendera nsungwi, uja wa chigwiriro cha mlombwa. Waupempha yekha, ndipo mukudziwa kuti iye sapempha kanthu. Ndikukumbuka kuti uli kwa amalume. Pokautenga muwauze ntchito yomwe ukukagwira. Mudzaupatsire anansi anu aja, a Lyford, akamakwera sitima ya pamadzi mwezi wa mawa, adzatipeza nawo kuno.

Mundiperekere moni kwa amalumewo ndi akazi awo, kwa azakhali a Malita ku Ngala, kwa mng'ono wanga Esitere ndi ana ake, ndi onse a kutchalitchi. Bambo a Eva akupereka moni wambiri.

Dzulo ndinafunsa Hubert chomwe akufuna ndikulembereni. Anati ndikuuzeni kuti kukolola kwa chaka chino sabwera, chifukwa anthu ake amamudikira m'mawa uliwonse.

Mulungu akusungeni, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Tabitha.