Mabuku Athu ndi Fodya wa Apongozi

Lamulungu, 3 Julayi 1994

Kawale kukuzizira ngati ku Dedza. Titaweruka ku tchalitchi, msonkhano wathu wa mabuku monga mwa masiku onse: aliyense anene chimene wawerenga sabata ino. Lamulo la amuna anga, bambo a Tisunge, chiyambire ana asanadziwe n'kumanga zingwe za nsapato.

Eni lamulowo: nyuzi zokhazokha. Chiyambire chaka chatha nyuzipepala zamera ngati bowa, iwo kugula iliyonse. Buku la mbiri ya njanji limene analiyamba pa Pasaka likadali pa tsamba lomwe lija. Tisunge: lachikondi, la ku laibulale, namwino ndi dokotala wamwano. Akuti likumuthandiza Chingerezi cha Fomu 3. Ndangomuyang'ana. Luntha: la apolisi ofufuza, lopanda chikuto, anasinthana ndi mnzake wa ku Biwi. Ine: la mayi amene anasiya ana n'kupita kukagwira ntchito kunja kwa dziko. Ndabwereka kwa Saida, mnzanga wotayipa naye kuntchito. Ndangofika pakati, likundiwawa kale.

Madzulo kunabwera Nedson, msuweni wa amuna anga uja wa ukondakitala pa basi ya ku Ntcheu. Akuti apongozi akubwera Lachitatu. Chifuwa. Azidzagona pabalaza, pamene pali shelefu.

Lachinayi, 7 Julayi

Afika dzulo. Apongozi aamuna, a Grain, aonda, jekete ikuwalendewera. Atibweretsera mbatata ya kachewere, komanso kathumba ka fodya wa chingambwe m'thumba la malaya. Munthu wa chifuwa!

Ine ndi iwo monga kale. Kugwada pakhomo, moni, basi. Mawu ena onse amadutsira mwa ana.

Anaima nthawi yaitali kuyang'ana shelefu. "Mapepala onsewa ngantchito yanji?" Bambo a Tisunge kuseka. Nanenso ndinaseka, chitsiru ine.

Lolemba, 11 Julayi

Nkhondo m'mamawa. Buku la Luntha lasowa masamba akumapeto. Iye akuti ndi Tisunge. Tisunge akuti sakhudza zonyansa. Mpaka kukokana malaya. "Ndiye wakupha uja ndimudziwa bwanji?" Mwana kulira mamina tayale. Ndawakalipira onse awiri, minibasi n'kundisiya.

Makoswe? Khoswe sang'amba mowongoka chonchija.

Palafini wakweranso.

Lachitatu, 13 Julayi

Si makoswe.

Abwana anapita kumaliro, tinaweruka msanga. Ndafika, apongozi ali kuseri kwa nyumba, akuwothera dzuwa. Tsamba pabondo, fodya pakati, kukulunga bwinobwino, kunyambita m'mphepete. Buku lili pambali pawo. La Saida.

Ndinaima pa ngodya ya nyumba ngati mtengo. Mpongozi ungamuuze chiyani? Ndinalowa m'nyumba, n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Ayambira kumapeto. Buku lililonse amayambira kumapeto, akuti kuti asationongere poyambira. Wandiuza ndi Luntha, amene wakhala chete atadziwa kuti mdani wake ndi agogo.

Ndawauza bambo a Tisunge. Nyuzi kumaso, mawu kutulukira kuseri: "Ndiwayankhula." Ndinati bwanji osawapatsa nyuzi zanuzo, zadzaza kale pansi pa bedi. Akuti zimenezo ndi mbiri ya dziko, sizing'ambidwa. Nanga zathuzi ndi mbiri ya nkhuku?

Lamulungu, 17 Julayi

Sanawayankhule.

Dzulo ndinachotsa mabuku onse. M'sutukesi, m'katoni ya sopo, ena pamwamba pa kabati kuchipinda. Shelefu mbee. Apongozi anafunsa Luntha ngati tikusamuka.

Msonkhano wa lero wozizira. Luntha sanawerenge kanthu, akuti kuwerenga n'kutaya nthawi ngati mapeto ake amasutidwa. Ine ndilibe buku. Tisunge yekha, namwino wake wamenya dokotala mbama. Bambo awo atiwerengera nkhani ya nduna zatsopano, palibe amene anawapempha.

Kenako kuchipinda, amuna anga akuti wolakwa ndine. Ndawachititsa manyazi bambo awo, ndawasandutsa wakuba m'nyumba ya mwana wawo. Ndinati mukanayankhula, sindikanabisa. Anatembenukira kukhoma.

Lachiwiri, 19 Julayi

Ndamubwezera Saida buku lake. Ndinalikulunga m'nsalu ngati mtembo. Anatsegula kumapeto, kuyang'ana, kutseka. Ndi la mchimwene wake Mwamadi, anabwera nalo kuchokera ku Harare. Bola akanandizazira. Anangoti, "Palibe kanthu, mayi," n'kupitiriza kutayipa mwamphamvu.

Pa nkhomaliro anandiuza mmene nkhani inathera, mawu awiri atatu, chinangwa chili m'kamwa. Mayi uja anabwerera, ana sanamuzindikire. Choncho basi. Ndinalakalaka kulira, koma osati mwa njira imeneyo. Ndimafuna ndikafikepo ndekha.

Lachisanu, 22 Julayi

Lero zafika pena.

Tisunge anaiwala buku la ku laibulale pansi pa khushoni. Pobwera kusukulu, masamba akumapeto kulibe. Mwana wanga wofatsa uja anatuluka panja, n'kuima chiriri pamaso pa agogo ake, osagwada: "Agogo, mwasuta ukwati!"

Mai Shaibu oyandikana nafe mutu pamwamba pa mpanda.

Apongozi anachotsa ndudu pakamwa, kuiyang'ana, kuyang'ana mwana. "Ukwati wa ndani?"

Tisunge akulira akufotokoza: namwino, dokotala, mbama ija. Iwo kumvetsera mpaka ndudu kuzima. Kenako akuti, yambira poyamba penipeni, ndimve bwino.

Bambo a Tisunge atabwera n'kumva, kwa nthawi yoyamba sabata ino anatsitsa nyuzi. Kuti adzudzule mwana za mwano! Ndinatuluka, ndikanalankhula zoti mawa ndichite nazo manyazi.

Kulaibulale adzamulanda khadi mpaka titagula buku lina. Mwezi uno sizitheka.

Lachitatu, 27 Julayi

Masana aliwonse tsopano, kuseri kwa nyumba. Tisunge kuwerenga Chingerezi chamumtima, n'kumasulira m'Chichewa mokweza. Zopsompsonana amadumpha, ndamumva. Agogo mafunso osatha. Dokotalayo kwawo n'kuti? Ankhoswe ake ndani? Mtsikanayo alibe malume woti amulangize? Akuti mwamuna wokwiyakwiya choncho ngwa njala, amuphikire.

Sang'ambanso. Luntha akuwatolera makoko a chimanga kwa amayi ootcha chimanga pamsika.

Ndiyenera kusangalala. Koma ndikupsa mtima. Chimene chinakanika bambo wa ndevu, wowerenga nyuzi zonse za m'Malawi muno, chatheka ndi mwano wa mwana.

Apongozi kuchipatala ndapita nawo ndine, kachiwiri. Mwana wawo akuti kuofesi kwachuluka ntchito, ngati kwanga kulibe. Mzere kuyambira m'mawa, ine kumbuyo, iwo kutsogolo, osayankhulana. Awaunika pachifuwa. Tikamve sabata yamawa. Akutsokomola mpaka kugwira khoma.

Lamulungu, 31 Julayi

Msonkhano. Apongozi anakoka mpando okha n'kukhala nafe. Itakwana nthawi, anakonza pakhosi: "Ine sabata ino ndawerenga la namwino." Ana kugubuduka ndi phwete. Anafotokoza nkhani yonse osaphonya, n'kuweruza mlandu: mtsikanayo asalole, akwatiwe ndi woyendetsa ambulansi uja, ndiye waulemu.

Luntha wayambanso, la anyamata osochera m'nkhalango. Amagona nalo m'malaya.

Kenako chinthu chimene sichinachitikepo chilowereni ine m'banja lino. Anatembenukira kwa ine, maso ndi maso. "Nanga inu mayi a Tisunge, lanu likuti chiyani?"

Ndinati ndilibe, bambo.

"Linatha?"

Ndinati eya, linatha.

Anayang'ana shelefu yopanda kanthu ija, n'kuyang'ana zala zawo. Sanafunsenso. Ndinafuna kubweza mawu anga, koma abwezedwa bwanji? Sabata zonsezi ndimafuna amve kuwawa kwanga. Lero amva, ine osakondwa.

Lachinayi, 4 Ogasiti

Dokotala anafunsa kuti mwana wawo ali kuti. Ndinati ndine. Ananditengera pambali. Chotupa m'mapapo, chakula kale. Mankhwala ochepetsa ululu basi. Akapume kumudzi.

Mu minibasi apongozi anandigulira nthochi pawindo. Sanafunse kanthu. Akudziwa.

Kunyumba ndinawaitanira bambo a Tisunge kukhitchini, nyuzi ili m'manja. Ndinanena zonse. Iwo maso pa tsamba, osaphethira, ngati ndikunena za mtengo wa tomato. Ndinaitsomphola, kuing'amba pakati, kuiponya pa mbaula. Ndinati bambo anu akufa, muwerenga liti zimenezo?

Ndinayembekeza mkuntho. Anangokhala pansi, pa simenti, munthu wamkulu, n'kubisa nkhope m'maondo. Akuti ankadziwa kuyambira tsiku limene anawaona akutsika basi. Akuti amaopa kuwayang'ana.

Ndiye ine sindimaopa?

Ndinakhala nawo pansi pomwepo mpaka nyemba zinapserera.

Lamulungu, 7 Ogasiti

Msonkhano kulibe. Sananene aliyense, zangochitika.

Bambo a Tisunge atulutsa buku la njanji lija m'sutukesi, akhala ndi bambo awo kuseri kwa nyumba masana onse, kuwerenga n'kumamasulira. Chichewa chawo chokhotakhota, cha muofesi. Apongozi anagona pakati pa nkhani. Podzuka akuti, "La Tisunge linali bwino, muli anthu." Mwana wawo anaseka mpaka misozi. Kapena inali misozi kale.

Nyuzi ya lero sinagulidwe.

Lachitatu, 10 Ogasiti

Apita. Bambo a Tisunge atenga tchuthi, awaperekeza. Nedson anawasungira mpando wakutsogolo.

Pageti apongozi anaima, mpweya ukuwavuta. Ndinagwada. Anati, "Mayi, mabuku aja mubwezere pamalo pake. Ine ndachoka." Ndinati nyumba ndi yanu, bambo, mubwerenso. Anangomwetulira.

Pabalaza pakununkhabe chingambwe. Ndatsegula mawindo, kenako ndatsekanso.

Loweruka, 20 Ogasiti

Masiku onsewa osalemba. Uthenga kulibe. Ku Ntcheu foni ili kutali, ndikudziwa, komabe munthu angalephere kutuma Nedson mawu awiri?

Mabuku ndabwezera, Luntha anandithandiza. Ine ndatsegula atatu, onse akundikana. Ndimafika pansi pa tsamba osadziwa ndawerenga chiyani.

Tisunge anapita kulaibulale ndi khadi langa. Ndimayesa akatenga za sukulu. Wabwera ndi lachikondi lina, la mphunzitsi wamkazi ndi mwini famu. Ndisanatsegule pakamwa: "Si langa, ndi la agogo. Amakonda zotere." Akufuna tipite kumudzi Lachiwiri, sukulu atsekera kale. Wayamba kulemba mawu ovuta papepala kuti asakachite chibwibwi pomasulira.

Ndavomera. Za thiransipoti ndiona.

Lamulungu, 21 Ogasiti

Msonkhano wa atatu. Luntha: anyamata aja apeza mtsinje, akuutsata. Tisunge wafika mutu wachinayi, akuti agogo akadana naye mwini famuyo, ngwaulesi. Taseka. Ine ndinanama kuti ndayamba la njanji.

Zovala za ulendo ndachapa, zili pachingwe. Ndigule shuga ndi sopo wa apongozi aakazi. Ndipemphe Mai Shaibu azitionera nyumba. Luntha akufunika nsapato koma

Geti lalira. Ndi Nedson. Si tsiku lake lobwera. Waima pomwepo, sakulowa, chipewa chili m'manja. Tisunge wamuona, akuthamangira komweko ndi buku