Thalauza la Mainchesi 34

Bambo a Shabnam,

Pepani, ndathamangira kumsika wa Raja Bazaar kukasaka nsalu yofanana ndi ija. Thalauza lanu ndamaliza kusoka, koma mwini wake sindikumudziwa.

Dzulo pokuyezani m'chiuno ndinapeza mainchesi 42. Inu munati, "Tepi yakoyi ndi yabodza, ine ndi 34 chikwatirire." Ndinangoti chabwino bwana, n'kujambula patani ya 42 panyuzipepala. Lero posesa ndapeza sizasi yanga pansi pa mpando wanu, pamodzi ndi tizidutswa ta nyuzipepalayo. Munaichepetsa patani ine ndili kukhitchini, eti? Bola mukanadula mbali zonse mofanana. Ine osadziwa ndinadulira nsalu pomwepo, ndiye nditalipachika, mwendo wina waloza ku Lahore, wina ku Peshawar, zipi ili pambali ngati thumba.

Makolo a mnyamata wofunsira Shabnam afika 4 koloko, ndipo amayi akewo akuti amayang'ana munthu kuyambira kumapazi. Ndikapeza nsalu ndiika chigamba kumbuyo. Mukafunsidwa, mudzati ndi fasho ya ku Dubai.

Mpunga wa biriyani uli pamoto wochepa. Muzimitse 2 koloko, osalawa. Ndikachedwa, valani shalwar yanu, thalauza lotakasuka lachingwe lija, ilo silinakukanenipo.

Koma poti ndimakudziwani, thalauza latsopanoli mulivala ndithu. Ndiye alendowo muwalandire chiimire, musaseke, musayetsemule, ndipo supuni ikagwa pansi, isiyeni pomwepo mpaka apite.

Ndine,
Mayi a Shabnam