Malemu Abwera ku Ofesi

Lolemba, 3 Julayi 1995

Mwera tsiku lonse. Mchenga mpaka m'taipi. Dumisani, mtolankhani wanga watsopano, wabweretsa nkhani ya bwato lomwe lagubuduka ku Mbenji. Asodzi atatu amira, mayina onse alipo. Ndamufunsa kumene wamva. "Aliyense ku depoti akudziwa, akonzi." Ku depoti! Ndamutuma kupolisi. Wati atsimikiza. Ndatumiza ku Lilongwe akasindikize.

Lachisanu, 7 Julayi

Nyuzi yatha dzuwa lisanafike pamutu. Dumisani akuyenda ngati nduna. Akuti ino ndi matipate, munthu amalemba zimene akufuna. Ife nthawi ya chipani chimodzi tinkatuluka thukuta ndi chiganizo chimodzi. Mwana uyu saopa kanthu. Mutu ukundiwawa.

Lolemba, 10 Julayi

Malemu abwera ku ofesi. A Twaibu, dzina loyamba pa omira aja, amoyo, nyuzi ili m'manja. Tsiku la ngozi anali ku Chinguluwe kogula mpunga. Mayi awo, anthu atawawerengera nyuziyo, anakomoka, ali kuchipatala. Akazi awo, a Kulusumu, sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Amene munandiphera amuna anga ndi uti?" Dumisani anali atazembera kuchimbudzi. Ndagwada ine.

Lachitatu, 12 Julayi

Apolisi akuti nkhope ya Dumisani sanaioneko. Zoti anatsimikiza zija, bodza lokhalokha! Eni nyuzi aimba foni: mchotseni. Ndakana. Nyuzi zachuluka ngati bowa, mawa akalowa kwina, akapha ena. Ndamukweza matola. Ayambire kuchipatala kukapepesa, kenako kugombe. Asabwere mpaka adziwe amene anamira.

Lachiwiri, 18 Julayi

Wabwera, wakuda bii, nsapato yong'ambika. Omira ndi awiri, osati atatu. Mmodzi, a Yusufu, sitinawatchule n'komwe. Akazi awo atamva kuti dzina mulibe m'nyuzi, anapukuta misozi n'kumadikira. Thupi lapezeka Loweruka, Dumisani ali pomwepo. Akuti mayiwo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Si munalemba kuti mulibe?"

Walemba tsamba limodzi lokha. Ndaliwerenga lili m'taipi: labwino, palibe chochotsa. Ndatambasula dzanja, wakana kundipatsa. Akuti awerengenso mayina.

Basi yotenga nkhani yatisiya. Sabata ino nyuzi ichedwa, eni ake andidya wamoyo. Iye akadali pakona apo, chala pa dzina, milomo ikuyenda.

Ndamusiya.