Chala Chimodzi cha Amalume Henderson

Lolemba, 3 Juni 2024
Amalume Henderson abwerera kukaphunzitsa makompyuta ku Chintheche, koyamba chidwalireni sitiroko. Dzanja lamanja silikugwira. Kuti afike pa foda ya maphunziro amayenera kulemba njira yonse pa sikirini yakuda ija. Chala chimodzi, kulakwitsa, kufufuta, ophunzira atangozyolika. Komiti yati ibwera Lolemba likudzali kudzaona ngati angapitirize. Mtima wandiwawa. Munthu amene anandiphunzitsa ine zonsezi!

Lachitatu, 5 Juni
Ndalemba kapulogalamu, dzina lake pita. Foda ukaipatsa dzina lalifupi, kamasunga. Kenako ungolemba "pita m", wafika. Pa laputopu yanga kakuyenda bwinobwino. Pa makompyuta akale a m'kalasimo, ng'o. Shelo yake, pulogalamu yomva malamulo pa sikirini yakuda ija, ndi ina, zokometsera zangazi sikuzimva.

Lachinayi, 6 Juni
Ndachotsa zonse za bash, shelo ya laputopu yanga, kwatsala za sh wamba, imene makompyuta akalewo amamva. Latulukanso lina: kompyuta iliyonse ikuika fulashi ya amalume, momwe muli maphunzirowo, pakepake, ndiye pita akusochera. Mwera nawo wathimitsa magetsi. Mutu ukuwawa.

Loweruka, 8 Juni
Zatheka! Tsopano kakuyambira pa fulashi pomwepo, kaya kompyuta ndi iti. Ndinakwera minibasi kuchoka ku Kande kukawaonetsa. Poyamba anakana, ati iwo si khanda lomwetsedwa phala. Kenako anayesa ndi chala chija, n'kufika. Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Ndawapempha kuti komiti isadziwe kuti wakalemba ndine. Anangoponya fulashi m'thumba, ndipo zikundiopsa.

Lolemba, 10 Juni
Kalasi inayenda ngati kale. Pomaliza mayi Edina, wapampando wa komiti, anafunsa komwe kachokera kanthu kabwinoka. Ndinawatsinzinira amalume ndili kumbuyo. Iwo anadzuka ndi ndodo yawo, mmene amachitira ku seshoni ya akulu a mpingo.
"Mkulu wa mpingo sakolola m'munda wa wina. Ndi Chrissy uyo, mwana wa mlongo wanga. Anandipitirira kalekale."
Akomiti anayang'anizana. 

Lachiwiri, 11 Juni
Mayi Edina aimba foni. Kalasi akufuna ndiitenge ine. Ndati ndiganize kaye. Kanthu ndinakalemba kuti amalume asachotsedwe, ndiye kawachotsa.
Masana amalume afika okha pa kabaza. Anakhala pamkeka, natulutsa makiyi a kalasi ndi fulashi ija.
"Pita usamuchotse. Lachisanu ndizibwera, ndizikhala kumbuyo."
Chinangwa ndinawaphikira sanadye. Makiyi akadali pamkeka pomwepo, sindinawakhudze.