Tsiku Lomwe Ndinagwira Abwana Mkono

Germiston, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Gilibati,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Mitundu. Mwendo wa amayi uli bwanji? Ine ndili bwino, kuzizira kokha.

Achimwene, akundilemba ntchito yokhazikika! Ndifotokoze bwinobwino, poti ndamva kuti ena kumsika akuti ndalowa zausatana.

Kampani yathu imayang'anira makompyuta ochitira umboni anthu akamatumizirana ndalama za pa intaneti. Palibe banki. Makompyuta ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana amasunga kaundula mmodzi, ndipo wofuna kukhala mboni amayamba waika chikole. Kompyuta yako ikamanena zoona, osazimazima, umalandira mphoto. Ikasayinira zinthu ziwiri zotsutsana, amakudula chikolecho. Bodza silipindula, choncho aliyense amateteza kaundulayo poteteza zake zomwe.

Lachiwiri masana tinkasamutsira ntchitoyi pa kompyuta yatsopano. Abwana anga, a Isake, anali pachangu, chala chili kale pa batani loyatsira yatsopanoyo. Ine ndinaona kuti yakale ija ikadali yoyaka. Zikanasayina zonse ziwiri m'dzina limodzi, chikole cha makasitomala athu chikanadulidwa. Ndinawagwira mkono.

"Bwana, dikirani kaye, yakale sinazime."

Anandiyang'ana mokwiya, kenako anayang'ana pa kompyuta, n'kukhala pansi. Ndinangoti basi andichotsa, poti ndine wophunzira chabe. M'mawa mwake anandiitana, n'kundiuza kuti mwezi wamawa andipatsa makompyuta anayi, ndipo akamayenda bwino ndizilandirako kanga pa mphoto ija, kuwonjezera pa malipiro. Ndinathamangira kuseri kwa ofesi kukavina ndekha.

Chondivuta ndi mlandilodi, wakweza lendi, koma zimenezo ndithana nazo.

Pempho langa ndi limodzi. Akufuna satifiketi yanga ya Fomu Folo yeniyeni, osati chithunzi, mwezi uno usanathe. Ikachedwa, malowa apatsa wina. Ili kwa azakhali ku Nathenje, m'sutikesi yobiriwira. Chonde kaitengeni muwapatsire a Efulemu, oyendetsa basi aja, amene akunyamuka Loweruka kubwera kuno. Ndikudziwa kuti njinga yanu yatopa, koma ndi yomweyo inkandinyamula polemba mayeso. Ipirire ulendo umodzi wokhawu.

Amayi muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono, muwauze kuti kutchalitchi ndikupitabe. Moni kwa alamu anga a Kettie, azakhali ndi amalume.

Ndine mlongo wanu,
Masozi